Ndani akhale pa bolodi yoyamba? Yankho kwa kaputeni wa ku Matawale

Kaputeni wa timu ina ya chess ku Matawale watilembera imelo. Akuti: "Tili ndi osewera asanu, koma pa mechi pamakhala anayi. Awiri ali ndi rating ya FIDE, atatu alibe. Loweruka lapitali anzathu a timu ina anaika mwana wongoyamba kumene pa bolodi yoyamba, akatswiri awo n'kutsikira m'munsi, ndipo anatigonjetsa 3-1. Titadandaula anati palibe lamulo lomwe aphwanya. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga ifeyo osewera athu tiziwandandalika bwanji?"

Akaputeni, yankho loyamba mwina silikukomerani. Ngati malamulo a ligi yanu sananenepo kanthu pa nkhaniyi, anzanuwo akunena zoona. Malamulo a kaseweredwe a FIDE, bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, amakamba zochitika pa bolodi, za wotchi ndi za kulemba masewero. Zoti uyu akhale apa, uyo akhale apo, zimachokera m'malamulo a mpikisano womwewo. Ngakhale ku Olympiad, mpikisano wa matimu a mayiko, kumene timu imakhala ndi osewera anayi ndi wapabenchi mmodzi, kaputeni sakakamizidwa kutsata rating, nambala yosonyeza mphamvu za wosewera. Ku Budapest mu 2024 timu ya India inaika Gukesh pa bolodi yoyamba ndi Arjun Erigaisi pa yachitatu, chonsecho rating ya Arjun inali pamwamba pang'ono. Arjun anapeza mapointi 10 pa masewero 11, India n'kutenga golide. Koma onetsetsani zinthu ziwiri. Mndandanda wa ku Olympiad umaperekedwa mpikisano usanayambe ndipo susinthidwanso mpaka kumapeto. Komanso awiriwo ndi anthu a mphamvu zoyandikana kwambiri, palibe amene anaperekedwa nsembe.

Zomwe anakuchitirani n'zosiyana ndi zimenezo, ndipo ife sitigwirizana nazo. Tiwerengere limodzi kuti muone phindu lake lenileni. Rating ya FIDE imatsata njira ya Arpad Elo, yomwe bungweli linayamba kugwiritsa ntchito mu 1970. Poti kupambana ndi pointi imodzi ndipo kufanana mphamvu ndi theka, woposa mnzake ndi 100 amayembekezeka kupeza pafupifupi 0.64 pa sewero lililonse, woposa ndi 200 pafupifupi 0.76, woposa ndi 300 pafupifupi 0.85. Tiyerekeze matimu awiri ofanana ndendende, iliyonse ili ndi osewera a 1800, 1700, 1600 ndi 1500. Akakhala mwachilungamo, bolodi iliyonse ndi theka kwa theka, zotsatira zoyembekezeka 2-2. Timu imodzi ikakweza wa 1500 uja n'kumuika pamwamba, iye ayembekezere 0.15 basi, anzake atatu 0.64 aliyense. Pamodzi ndi 2.07. Chinyengo chonsecho chawonjezera 0.07! Ndiye kuti 3-1 munaluzayo ikanatha kuchitika ngakhale akanakhala bwino.

Chomwe chawonongeka ndiye chachikulu. Wosewera wanu wamphamvu walipira minibasi kapena kabaza, wataya tsiku lonse, n'kumaliza sewero m'mphindi khumi osaphunzirapo kanthu. Mwana uja wakhala pampando akudziwa kuti akuluakulu ake amutaya dala, ndipo ana otere sachedwa kusiya chess. Kumapeto kwa ligi mphoto ya wosewera bwino pa bolodi yachitatu imapita kwa munthu yemwe sanayenere kukhala pamenepo. Ndipo ngati mechi yofanana mphamvu mumaithetsa poyang'ana amene wapambana pa mabolodi a pamwamba, monga amachitira m'mipikisano yambiri ya chipulula, njirayo imataya tanthauzo ngati pamwambapo sipali amphamvu.

Tsono za timu yanu. Awiri a rating aja muyambire pa nambala zawo, koma mutenge za mtundu woyenera. FIDE imasunga rating zitatu zosiyana, standard (masewero a nthawi yaitali), rapid (achangu) ndi blitz (a mphindi zochepa chabe), ndipo imatulutsa mndandanda watsopano mwezi uliwonse. Ngati ligi yanu ndi ya rapid, yang'anani ya rapid. Munthu akhoza kukhala chilombo pa masewero a mphindi zitatu n'kumagwa pa sewero la maola awiri chifukwa sadziwa kudekha. Nambala za pa masamba a intaneti osewererapo chess monga Lichess kapena Chess.com musazisakanize ndi za FIDE, kawerengedwe kake n'kosiyana, ndipo 1900 ya pa foni si 1900 ya pa bolodi.

Rating nayo imatha kunama, makamaka kuno kumene mipikisano yowerengedwa ndi FIDE sibwera sabata iliyonse. Wophunzira wa ku Chanco yemwe anapeza nambala yake ali ku sekondale, n'kukhala zaka ziwiri akusewera tsiku ndi tsiku osalowa mpikisano wowerengedwa, nambala yakeyo ndi ya munthu wina wakale. Chimodzimodzi bambo amene anasiya kusewera kalekale koma nambala yawo idakali pamwamba. Rating yomwe yachokera pa masewero ochepa nayonso musaikhulupirire kwambiri, poti munthu amatha kuipeza atangosewera masewero asanu ndi anthu a rating.

Kwa atatu opanda rating, musaweruze ndi maso kapena ndi msinkhu. Konzani kampikisano ka m'kati mwa kalabu, onse asanu, aliyense akumane ndi mnzake kawiri, kamodzi ndi zoyera kamodzi ndi zakuda. Amenewo ndi masewero 20, munthu aliyense 8. Wotchi ikhale pa nthawi yomweyo ya ligi, masewero azilembedwa, ndipo oonerera asamayankhule. Ndi nthawi ya rapid, Loweruka awiri akwana. Zotsatira zilembedwe papepala lomwe aliyense aliona. Pepala limeneli ndi lomwe lidzakuthandizeni tsiku lomwe mudzauze woyambitsa kalabu, munthu wamkulu amene anagula mabolodi ndi ndalama zake, kuti mnyamata wa Fomu 3 akhala pamwamba pawo. Nkhani yotere ndi yovuta kuyiyamba, tikudziwa. Muwauze panokha, mwaulemu, masiku angapo mechi isanafike, osati pamaso pa anyamata m'holo.

Osewera awiri akayandikana mphamvu, pamenepo ndiye pali ufulu wanu ngati kaputeni. Pa bolodi yoyamba pamafunika munthu wovuta kumugonjetsa, woti akakumana ndi katswiri wa timu ina atha kugwira mpaka kufanana mphamvu, theka la pointi n'kulowa m'thumba. Wokonda kuukira, amene amapambana kwambiri komanso kuluza kwambiri, amakolola bwino m'munsi pang'ono. Ganizirani za mitundunso. Mwachizolowezi timu imodzi imatenga zoyera pa bolodi 1 ndi 3, inayo pa 2 ndi 4, choncho oyandikana pa mndandanda amakhala ndi mitundu yosiyana pa mechi imodzi.

Wina akajomba, onse a m'munsi mwake amakwera sitepe imodzi, wapabenchi n'kulowa pa bolodi yomaliza. Wachiwiri akadwala, wachitatu apite pa 2, wachinayi pa 3, wachisanu pa 4. Kulowetsa wapabenchi pa mpando wa wodwalayo ndi chinyengo chomwe chija, ngakhale mwachita mosadziwa. Mukapezeka atatu okha, bolodi yosiyidwa ikhale yachinayi. Apa pamavuta ndi wochedwa. Mwalemba dzina lake pa bolodi yoyamba, akuti ali pa siteji ku Chinamwali akudikira minibasi, mvula ya kuphiri yatsika, ndipo safika. Mawotchi akayamba simungasunthenso anthu. Choncho musalembe pamwamba munthu amene simunamuone ndi maso kapena kutsimikiza kuti ali pafupi.

Chomwe mungachite pa madandaulo anu ndi kupita nawo ku msonkhano wa makaputeni, kuti lamulo lilembedwe chigawo chotsatira chisanayambe. Njira zodziwika ndi ziwiri. Ina ndi ya mndandanda wokhazikika ngati wa ku Olympiad, woperekedwa koyambirira, womwe matimu onse amauona n'kukhala ndi masiku angapo otsutsa. Ina ndi ya malire. Ligi ya 4NCL ku Britain ili ndi lamulo la mapointi 80, loti munthu asakhale pamwamba pa mnzake amene akumuposa ndi rating yopitirira pamenepo. Kwa ligi ya kuno, kumene ambiri alibe rating, ife tingasankhe mndandanda wokhazikika, wololedwa kukonzedwa kamodzi pakati pa ligi chifukwa achinyamata amakwera msanga. Opanda rating komiti iwapatse nambala yongoyerekeza potengera zotsatira zawo, ndipo malire akhale 100 pakati pa omwe ali nayo.

Lamulolo linenenso kuti makaputeni awiri apereke mapepala awo kwa woyimbira nthawi imodzi, mphindi 15 mechi isanayambe, wina asanaone la mnzake. Linene mphindi zodikira wochedwa, chifukwa malamulo a FIDE amati mpikisano ukapanda kutchula nthawiyo ndiye kuti palibe kudikira. Chilango nacho chilembedwe poyera: wokhala pa bolodi yotsika kuposa yomuyenera aluze pointi ya bolodi imeneyo, ipite kwa timu inayo. Mechi ya Loweruka ija isiyeni momwe inathera, poti lamulo silinalipo, koma pepala la zotsatira zake mulitenge popita ku msonkhanoko.