Mwanapiye waswa miyendo ili yotangadza: mumangeni lero lomwe

Mayi wina wa ku Mabvuku, kuno ku Harare, wandilembera imelo. Akuti anaika mazira a nkhuku zachikuda, zija kuno timati ma roadrunner, m'makina oswetsera, ndipo anapiye awiri atuluka olumala. Wina miyendo yatangadza, akungokwawa ndi pamimba, zala za phazi limodzi zapinana. Winayo mlomo wapingasa ngati sizasi. Anansi akuti angowataya, wina wafika ponena kuti ndi malodza. Funso lawo ndi loti: kodi angachire?

Amayi, za malodzazo zisiyeni. Anapiye anu awiriwo ali ndi mavuto osiyana kwambiri, ndipo wa miyendoyo ndiye akufuna manja anu lero lomwe. Mafupa a mwanapiye amakhala anthete masiku oyambirira okha. Mukazengereza sabata yathunthu, mwendo umaumira momwemo.

Yambani ndi pansi pomwe akuponda. Ambiri timayala nyuzipepala kapena pulasitiki m'katoni, ndipo zimenezi n'zoterera. Mwanapiye amalephera kugwira pansi, miyendo n'kumathawira m'mbali. Yalani thaulo lakale kapena chiguduli chokhakhala. Kenako tengani pulasitala wa pachilonda, mumucheke m'litali kuti achepe. Kulungani mbali imodzi pa mwendo wina, pamwamba pa zala koma pansi pa bondo, mbali inayo pa mwendo winawo. Pakati pasiyeni mpata wa masentimita awiri kapena atatu, woti miyendo iime pansi pa thupi monga amaimira anzake. Musathinitse. Phazi likayamba kutupa kapena kuda, masulani msanga. Ulusi ndi labala yopyapyala sindizikonda chifukwa zimacheka khungu.

Poyamba azigwa chafufumimba, akulira ngati mwamulakwira. Musamve chisoni n'kumasula. Muzimuimika kangapo pa tsiku, mutamugwira m'mbali ndi zala ziwiri, kuti miyendo izolowere kunyamula thupi. Tsiku lililonse chotsani pulasitalayo muone ngati akuima yekha, ndipo ngati sanayambe mangani watsopano, poti amakula msanga. Ambiri amawongoka pa masiku atatu kapena anayi.

Zala zopinanazo muzipangire kansapato. Dulani kakatoni kopyapyala kofanana ndi phazi, tambasulani zala zitatu kutsogolo ndi chimodzi kumbuyo, muzimate ndi pulasitala pamwamba. Nakonso n'kwa masiku ochepa. Vutoli nthawi zina limabwera chifukwa thadzi linkasowa vitamini B2, choncho thirani m'madzi akumwa mavitamini a anapiye aja a m'timapaketi, omwe amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi, motsatira muyeso wolembedwa papaketipo.

Chimene chimapha anapiye omangidwa chotere kawirikawiri ndi madzi ndi kuzizira. Akagwera m'mbale amalephera kudzuka. Ikani madzi m'chivindikiro cha botolo la jamu, muponyemo timiyala. Mukaona kuti sakumwa, viikani nsonga ya mlomo wake m'madzimo n'kumusiya ameze yekha. Osamuthira madzi kukhosi, amatsamwa. Za chakudya musade nazo nkhawa tsiku loyamba, chifukwa asanaswe amakhala atalowetsa chachikasu cha dzira m'mimba, ndipo chimamusunga masiku awiri kapena atatu. Pambuyo pake mupatseni starter mash, chakudya chogula cha anapiye aang'ono. Madeya okha sakwana.

Sabata yoyamba pogona pake pazifunda kufika pafupi madigiri 35, kenako muzitsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. Usiku wa June ndi July kuno ku Harare mukuudziwa. Magetsi akathima, botolo la madzi otentha lokulungidwa m'nsalu limathandiza. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ayi, mpweya wake umapha anapiye ndi eni ake omwe. Mumuike payekha kuti asapondedwe, koma mumupatse mnzake mmodzi wofatsa, apo ayi alira usiku wonse.

Wa mlomo wopingasayo sindikunamizani: sawongoka, ndipo nthawi zambiri kupingasako kumawonjezeka akamakula. Ena amakhala ndi moyo ngati muwapatsa chakudya chonyowetsa ngati phala m'mbale yozama, yoti azichota m'malo mojompha. Muzimugwira chithokomiro madzulo. Chikakhala chodzaza, akudya. Chikakhala chopanda kanthu tsiku ndi tsiku pamene anzake akunenepa, ndiye kuti akufa ndi njala pang'onopang'ono, ndipo ine ndimati ndi bwino kumupha mwachangu. Ngati mtima sukulola, pemphani wodziwa kapena wa zaziweto akuchitireni. Akapulumuka, mudzamudye koma asadzabereke, poti vutoli limatha kuyenda m'magazi.

Tsono anapiye awiri olumala ulendo umodzi akukuuzani kanthu za makina anuwo. Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, ndipo limafuna kutentha kosasinthasintha, pafupi madigiri 37.5, kutembenuzidwa kangapo pa tsiku mpaka tsiku la 18, ndi chinyezi chokwererapo masiku atatu omaliza. Kutentha kukamakwera ndi kutsika chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, miyendo ndi zala ndizo zimaonetsa. Ikani thermometer (choyezera kutentha) yachiwiri mkatimo muyerekeze, chifukwa nambala ya pamakina otchipawa si yoikhulupirira kwambiri. Funsaninso komwe munatenga mazira. Ngati tambala ndi yemweyo chaka ndi chaka, akukwera ana ake omwe, sinthanitsani ndi wa khola lina, kaya ku Tafara kaya ku Mufakose, bola asakhale wachibale. Tambala watsopanoyo mumusunge payekha masabata awiri musanamuphatikize ndi zinzake, kuopa chitopa.