Tanthauzo la "get" limadalira mawu amene akutsatira

Mwafunsa kuti "get" amatanthauza chiyani kwenikweni, poti mukumuona paliponse ndipo paliponse akunena zosiyana. Funso lanu ndi labwino kwambiri, chifukwa mneni wa Chingerezi ameneyu amasokoneza ophunzira ambiri.

Ine ndimati muziyamba mwayang'ana mawu amene abwera pambuyo pake. Likatsatira dzina la chinthu, nthawi zambiri ndi kulandira kapena kupeza: "I got your letter" ndiye kuti kalata yanu ndalandira. Akatsatira malo, ndi kufika, monga "we got home late", tinafika kunyumba mochedwa.

Pamene pamavuta zedi ndi pamene patsatira mfotokozi. Apa "get" akusonyeza kusintha. "She got angry" si kuti analandira mkwiyo ayi, koma anakwiya. "It's getting dark", kunja kukuda. Ife timangoti kutopa, kudwala, kukalamba, mneni mmodzi basi, pomwe Chingerezi chimakonda mawu awiri: "get tired", "get sick", "get old". Mukangozolowera zimenezi, ziganizo zambiri zimayamba kumveka zokha.

Munthu akati "I don't get it", akunena kuti sakumvetsa. Palinso "get up", kudzuka, "get on", kukwera basi kapena sitima, ndi "get off", kutsika. Amenewa ingowalowezani limodzi ndi timawu take, musamawamasulire palokhapalokha.

Pokamba zakale, "get" amakhala "got". Ku America mudzamvanso "gotten" pambuyo pa "have", pomwe ku Britain amakonda "got". Polemba kalata ya ku ofesi, "receive" kapena "obtain" amaoneka aulemu kuposa "get".