Chifukwa chake filimu ya American Beauty imagawanitsa oonera

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yokhudza filimu ya American Beauty. Akuti anaionera limodzi ndi amuna awo atamva kuti inapata mphoto zambiri, koma itatha iwo inawanyansa, pamene bambowo ankaiyamikira kuti ikunena zoona zokhazokha za moyo wa m'banja. Akufunsa ngati pali china chimene chinawadutsa, kapena ngati anthu anangoikweza filimuyi mopyola muyeso.

Amayi, palibe chimene chinakudutsani. Mkangano umene unabuka pabalaza panuwo ulipo pakati pa anthu ambiri amene anaionera, ndipo ukukulirakulira pamene zaka zikupita.

Filimuyi inatuluka mu 1999. Anailemba ndi Alan Ball, ndipo anaitsogolera ndi Sam Mendes wa ku Britain, amene kufikira nthawi imeneyo ankadziwika ndi masewero a pasiteji ndipo anali asanapangepo filimu. Anaipanga ndi ndalama pafupifupi madola 15 miliyoni, koma inabweretsa madola oposa 350 miliyoni padziko lonse, ndipo mu 2000 inapata mphoto 5 za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse ndi ya Kevin Spacey amene anasewera ngati Lester Burnham. Lester ndi bambo wa zaka 42 wokhala kumayadi, amene ali ndi nyumba yabwino, ntchito ya mu ofesi, mkazi ndi mwana mmodzi, koma zonsezi zamufika pakhosi. Amasiya ntchito ataopseza bwana wake kuti ampatse ndalama, amayamba kusuta chamba, amagula galimoto ya Pontiac Firebird imene ankaisirira ali mnyamata, ndipo amatengeka mtima ndi Angela, mtsikana wa pasukulu amene ndi mnzake wa mwana wake Jane.

Anthu a mu 1999 anaombera m'manja zimenezi chifukwa cha nthawi imene ankakhalamo. Chuma cha dziko la America chinali kuyenda bwino, ntchito zinalipo, ndipo dandaulo la anthu ambiri opeza bwino linali lakuti moyo wa mu ofesi ndi wa kumayadi unali wosakoma. Chaka chomwecho kunatulukanso Fight Club ndi Office Space, mafilimu onena za amuna otopa ndi ntchito. Koma mavuto a zachuma a mu 2008 atafika, mabanja ambirimbiri a ku America analandidwa nyumba chifukwa cholephera kubweza ngongole za kubanki, ndipo kuyambira pamenepo zinavuta kumvera chisoni munthu amene akudandaula kuti nyumba yake yakongola mopitirira. Munthu amene akusaka lendi mwezi ndi mwezi, kulikonse kumene ali, amamuona Lester ngati wokhuta amene akutaya nsima.

Komabe ndikuganiza kuti chimene chinakusiyanitsani ndi amuna anu chagona pa mmene nkhaniyi anaikonzera. Amene akutifotokozera zonse ndi Lester mwiniwake, ndipo amatiuza koyambirira penipeni kuti chaka chisanathe adzakhala atamwalira. Munthu wotere timamukhululukira zambiri tisanamudziwe n'komwe. Mkazi wake Carolyn, amene anasewera ndi Annette Bening, sanapatsidwe mwayi woterowo. Kumbukirani pamene awiriwa atsala pang'ono kubwererana atakhala pa sofa, kenako Carolyn n'kuona kuti mowa umene uli m'manja mwa mwamuna wake utayikira pansalu yodula ya sofayo. Filimu imafuna kuti timuseke monga mkazi wokonda katundu kuposa mwamuna. Koma kumbukiraninso tsiku limene iye, amene ntchito yake ndi yogulitsa nyumba, amakolopa ndi kupukuta nyumba ina yekha kuyambira m'mawa, ogula n'kubwera koma osagula, ndipo madzulo amatseka makatani, n'kulira, n'kudzimenya yekha mbama kuti atonthole. Mkazi ameneyu ndi amene akulimbikirabe ntchito pamene mwamuna wake akukweza zitsulo m'galaja. Oonera ambiri, makamaka amayi, akafika pamenepa amasiya kuseka, ndipo ine ndili mbali yawo, ngakhale kuti Carolyn nayenso amazembera m'banja ndi mwamuna wina wogulitsa nyumba.

Nkhani ya Angela ndiyo yakalamba moipa kuposa zonse. Maloto a Lester, m'mene mtsikanayu waphimbidwa ndi maluwa ofiira, anawajambula mokongola kwambiri moti chithunzi chake ndi chimene anthu amaikumbukira nacho filimuyi, ndipo pamapeto Lester amaoneka ngati munthu wabwino chifukwa chakuti wadziletsa atamva kuti mtsikanayo sanagonepo ndi mwamuna. Kudziletsa kotereku n'kochepa kwambiri kuti bambo wamkulu ayamikiridwe nako. Kuonjezera apo, mu 2017 Spacey anayamba kunenezedwa milandu yokhudza nkhanza za kugonana. Khoti la ku New York mu 2022 ndi la ku London mu 2023 sanamupeze wolakwa, koma anthu ambiri sathanso kumuonera akusirira mwana wa sukulu popanda kuganizira nkhani zimenezo.

Za jumbo louluka ndi mphepo, limene Ricky, mnyamata wa nyumba yoyandikana ndi ya a Burnham, analijambula pa kamera yake n'kumalitcha chinthu chokongola koposa, sindinenapo zambiri. Ena linawagwetsa misozi, ena akhala akulinyogodola mpaka lero.

Amuna anu nawonso ali ndi mfundo. Chakudya cha madzulo cha banja la Burnham, pamene anthu atatu akhala patebulo lalitali nyimbo ikulira koma palibe wofuna kumva za mnzake, ndi chinthu chimene mabanja ambiri amachizindikira, ndipo Conrad Hall, amene anapata Oscar ya kujambula, anachionetsa mwaluso. Nyumba yoyandikana nayo ya Frank Fitts, msilikali wopuma amene amamenya mwana wake Ricky uku akubisa chinsinsi chake, ndi yoopsa kwambiri, ndipo mkazi wake, amene anasewera ndi Allison Janney, amangokhala duu pampando ngati munthu amene anasiya kalekale kuyembekezera chilichonse. Kwa ine mbali imeneyi ndi imene sinafooke ngakhale pang'ono. Mukadzafuna kuioneranso, apempheni bambo kuti ulendo uno atsatire amayi awiriwa, Carolyn ndi mkazi wa Fitts, ndipo mudzandilembere zimene adzanene.