Buku la phiri lilipo, koma Sapitwa musapite nalo lokha

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa, pepani. Mwati achimwene anu a ku Manchester ali ndi shelefu yodzaza timabuku ta Cicerone, kalikonse ka mapiri akeake, ndiye mukufunsa ngati totere ta Mulanje tilipo, komanso ngati inu ndi anzanu anayi mungakwere Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, mu June muli ndi buku m'manja, osalipira gaidi. Lachiwirilo ndiyankhiretu: ayi, musayerekeze. Chifukwa chake ndifikako, tiyambe ndi mabukuwo.

Cicerone ndi kampani ya ku England. Ku Germany kulinso ina, Rother, ya timabuku tofiira. Kapangidwe kake n'kofanana: kabuku kokwana m'thumba la jekete, njira iliyonse ili ndi nambala yake, poyambira, makilomita, mamita okwera, maola, kamapu, ndi chizindikiro chosonyeza kuvuta kwake. Ukazolowera kamodzi, tina tonse umawerenga mosavuta, ndiye chifukwa chake anthu amatigula motsatizana ngati mbale za seti. Kwathu kuno buku limene aliyense wokonda phirili amatchula ndi la Frank Eastwood, Guide to the Mulanje Massif, lomwe linatuluka mu 1979. A Mountain Club of Malawi anakonzanso kalozera watsopanoko amene amapezeka pa intaneti, ndipo kwa inu oyamba kumene ndi ameneyo ndingakuuzeni kuti muyambire. La Eastwood ine ndili nalo la fotokope, lomangidwa ndi sitepula, tsamba la Lichenya, dera lina la pamwamba pa phirili, linatayikiridwa tiyi moti mizere iwiri ndimangoiloweza pamtima. Ndimalikondabe. Munthuyo phiri analiyenda ndi mapazi ake, sanalembe zongomva.

Koma taonani chakacho. Wolemba amakuuzani phiri monga analisiyira tsiku limene anadutsapo, ndipo Mulanje wa 1979 si wa lero. Nthawi imeneyo ku Chambe, chigwa cha pamwamba pa phirili, kunali nkhalango ya paini, matabwa ankatsitsidwa pa chingwe chachitsulo, n'chifukwa chake njira yokwera kuchokera ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, imatchedwa Skyline mpaka lero. Painiyo anadulidwa. Mkungudza, mtengo wathu wa fuko umene suli kwina kulikonse mwachilengedwe koma kuno, ocheka matabwa mozemba anaumaliza pafupifupi wonse, malo amene munthu ankayenda mumthunzi pano ndi zitsa ndi udzu. Hut (kanyumba kogonamo okwera phiri) ya Chisepo, imene aliyense wopita ku Sapitwa amagonamo masiku ano, inamangidwa bukulo litatuluka kale. Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy mu March 2023. Amene munadutsa ku Mulanje ndi ku Phalombe pambuyo pake munaona nokha zipsera zoyera m'mbali mwa phiri, mmene napolo anadutsa. Miyala inasuntha, mitsinje ina inasiya makwawa ake, powolokera pena panasanduka chigwembe. Buku lingakuuzeni kuti mukafika pamtsinje muwoloke pamwala waukulu, inu n'kufika mwalawo uli kumunsi m'munda mwa munthu.

Sindikuti bukulo n'lopanda ntchito. Ntchito yake ndi ya pakhomo, musananyamuke, pamene mukugawa masiku ndi kuwerengera chakudya. Kungoti pamafunika kudziwa kuliwerenga.

Choyamba ndi maola. Olemba mabuku otere ambiri amatsamira pa lamulo la William Naismith, wa ku Scotland, la mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Kuchoka ku Likhubula kukafika ku hut ya Chambe ndi makilomita 7 kapena kuposerapo pang'ono, koma mumakwera mamita pafupifupi 1,000. Mukawerengera zikutuluka maola atatu. Maola atatuwo ndi a munthu wozolowera, wosapuma, wosajambula zithunzi. Inu asanu ochokera mu ofesi ku Lilongwe, wina nsapato yatsopano ikumutulutsa matuza, ikani asanu, ndipo musachite nazo manyazi. Anthu ambiri amayang'ana makilomita n'kuseka kuti n'pafupi. Nambala yopha mawondo ndi ya mamita okwerawo.

Chachiwiri, muziona kuti njirayo aiika m'gulu liti, chifukwa mawu oti kukwera phiri amaphimba zinthu zitatu zosiyana. Pali kuyenda chabe, monga kuchoka hut ina kupita ina, Chambe, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka. Pali kukwawa, pamene manja amagwira ntchito limodzi ndi miyendo koma chingwe sichifunika. Ndiye pali kukwera thanthwe ndi zingwe, monga khoma la kumadzulo kwa nsonga ya Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700, limene limakoka akatswiri ochokera kunja. Masamba a zimenezo angowerengani mosirira. Sapitwa ali m'gulu lapakatilo. Kutalika kwake ndi mamita 3,002, palibe nsonga ina yomuposa m'dziko muno, ndipo kuchokera ku Chisepo kupita ndi kubwera kumadya maola 6 kapena 7 nyengo ili bwino. Mumakwera pamatanthwe otsetsereka opanda pogwira, pena mumavula chikwama n'kulowa chokwawa pansi pa miyala ikuluikulu ngati mbira. Njira yake ndi timadontho ta penti yofiira pamiyala. Basi.

Tsopano mwezi mwasankhawo. June ndi nthawi ya chiperoni, chifunga chozizira chija chobwera ndi mphepo ya ku Mozambique. Mmawa kumacha kuli mbee, mpaka kuona minda ya tiyi kumunsi, ikamakwana 10 koloko mtambo wakukutani.

Zinandichitikira, osati ku Sapitwa n'komwe, koma panjira yosavuta ya pakati pa Chambe ndi Chisepo. Tinali awiri, tinadzimva kuti phiri talidziwa, fotokope ija ili m'thumba. Chifunga chitatsika, mnzanga anali masitepe khumi kutsogolo kwanga koma ndinkangomva ndodo yake ikugogoda pamwala. Bukulo linkanena zinthu zoti tizione kumanja ndi kumanzere, ife sitinkaona ngakhale chitsamba. Tinatsata kanjira kooneka bwino ndithu, kopondedwa, osadziwa kuti n'ka anthu ocheka matabwa, mpaka kanathera paphompho. Pepala linanyowa, zala zinauma moti kutsegula zipi ya chikwama inali nkhondo. Tinakhala pansi pa mwala maola awiri tikutafuna mtedza, osalankhulana. Anatipeza ndi bambo wina wonyamula katundu amene ankabwerera yekha kumunsi, atavala masilipasi. Anangoti, "Mwasiya njira kalekale, mabwana, tiyeni," ndipo sanayang'ane pansi n'kamodzi komwe. Tsiku limenelo ndinasiya matama.

Ife tinachita mwayi. Mu 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitiriza yekha, mtembo wake unapezeka patadutsa masabata. Akuluakulu a kumeneko adzakuuzani za mizimu, kuti dzinalo likuchokera ku mawu oti sapitidwa, ndipo ine sinditsutsana nawo ndikakhala paphiri lawo. Ndi chikhalidwe chomwecho chimene chinachititsa kuti UNESCO iike phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025. Koma ngakhale amene za mizimu sazikhulupirira adziwe kuti kuzizira kokha n'kokwanira kupha munthu. Pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposa, ndiye ganizirani usiku wa June pamwambapo, zovala zitanyowa.

Gaidi ali ndi zimene buku silingakhale nazo. Anadutsa njirayo sabata yatha. Amadziwa thanthwe limene lamera ndere, mtsinje umene wadzaza, ndipo akayang'ana mtambo n'kunena kuti lero tibwerere, mubwerere, ngakhale nsonga mukuiona apo. Mukafika ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula mudzalembetsa, n'kupatsidwa gaidi ndi onyamula katundu. Mtengo mugwirizane musananyamuke, wa tsiku lililonse, kuti pasadzakhale kukangana potsika. Mukagawana anthu asanu si ndalama yoti mungadandaule nayo. Komanso chonde musawasenzetse ngati abulu. Awa ndi anyamata omwe aja amathamanga mpikisano wa Porters Race, kukwera ndi kutsika phiri m'maola ochepa, koma msana ndi msana.

Ndikanakhala ine ndikanagawa masiku anayi. Loyamba Likhubula mpaka Chambe, lachiwiri Chambe mpaka Chisepo, lachitatu kulawirira Sapitwa kusanache bwino n'kubwerera kudzagona ku Chisepo, lachinayi kutsika, n'kukaviika mapazi pa Dziwe la Nkhalamba ngati mungapirire madzi ake. Ena amapanikiza masiku atatu, koma amatsika masitepe chammbuyo sabata yonse. M'ma hut muli alonda amene amakonza nkhuni ndi madzi, chakudya ndi zofunda n'zanu. Kumbukirani kuwasiyira kangachepe.

Foni musaidalire kwambiri, batire imatha msanga kukazizira ndipo netiweki imapezeka mwa apo ndi apo. Masamba a njira zanu zokhazo sindikizani, muwaike m'pepala la pulasitiki, la shuga lija limakwana bwino. Ndipo achimwene a ku Manchester muwauze kuti buku asavutike nalo. Ngati akufuna kukutumizirani kanthu, atumize jekete yosalowa madzi ndi tochi yovala pamutu. Nsapato gulani pano, muyambe kuzivala mawa popita kuntchito.