Timu yopambana masewero onse 16 inalephera bwanji kukhala akatswiri?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga tsamba lino, ndipo panopa akugwira ntchito ku Massachusetts. Ndafupikitsa zomwe analemba: "Anzanga akuntchito onse amachemerera New England Patriots. Tsiku lina pa nkhomaliro ndinafunsa za sizoni ya 2007, poti ndinamva kuti timuyo inapambana masewero onse. Nkhope zonse zinagwa, wina mpaka anasintha nkhani. Ine ndine wa Arsenal, ndipo 2004 timayinyadira mpaka lero. Nanga awa chikuwapweteka n'chiyani? Timu yopambana masewero onse a ligi ingalephere bwanji kukhala akatswiri?"

Achimwene, munaponda pachilonda. Musadzafunsenso pa nkhomaliro.

Tiyambe ndi chimene chikukusokonezani, chifukwa chinandisokonezanso ine nditangoyamba kutsatira mpira wa ku America. Inu ndi ine tinakulira mu mpira umene ligi ndi ligi, chikho ndi chikho. Arsenal ya Arsène Wenger inasewera masewero 38, inapambana 26, inafanana mphamvu 12, mapointi 90, nkhani n'kuthera pomwepo. Ligi yotere imanena zoona chifukwa timu iliyonse imakumana ndi inzake iliyonse kawiri, kwawo ndi koyenda. Ku NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, zimenezo sizingatheke. Matimu alipo 32, ndiye kuti aliyense akumane ndi mnzake kawiri pangafunike masewero 62, pamene mpira wakewo ndi wogundana mpaka thupi limafuna sabata yathunthu kuti lichire. Mu 2007 timu inkasewera masewero 16 okha, ndipo adani osiyana inkakumana nawo 13 basi. Matimu ena 18 sinkawaona n'komwe. Ndiye simungaike onse pa mndandanda umodzi n'kunena kuti wapamwamba ndiye katswiri, poti sanayende njira imodzi.

N'chifukwa chake masewero 16 aja ali ngati ndime yachipulula. Ntchito yake ndi kusankha matimu olowa mu ma playoff, omwe nthawi imeneyo ankakhala 12, ndipo kumeneko ukagonja kamodzi walongedza. Wochita bwino mu ndime yoyambayo amapatsidwa sabata yopuma ndi mwayi wosewerera pakhomo, koma chikho ayi. Kuti mumvetse ululu wa anzanuwo, ganizani kuti mu 2004 kunalibe chikho cha ligi, ndipo chaka chonse cha Arsenal chinaweruzidwa ndi usiku uja Wayne Bridge wa Chelsea anawatulutsa mu Champions League pa Highbury. Mukanamanyadirabe?

Tsono nkhani ya Patriots ya chaka chimenecho inayamba ndi manyazi. Pa masewero oyamba, pa 9 September 2007, anakuntha New York Jets 38-14, koma wantchito wawo anagwidwa akujambula ndi kamera zizindikiro zimene makochi a Jets ankapereka kwa osewera awo. Kochi wa Jets, Eric Mangini, anali atagwirapo ntchito pansi pa Bill Belichick, kochi wamkulu wa Patriots, ndiye za m'nyumbamo ankazidziwa. Mkulu wa NFL, Roger Goodell, analipiritsa Belichick madola 500,000, timu madola 250,000, ndipo anawalanda mwayi wawo woyamba wosankha wosewera watsopano chaka chotsatira. Anthu anayamba kufunsa ngati zikho zitatu zimene Patriots inatenga m'mbuyomo zinali zoona. Nkhaniyi amaitcha Spygate, ndipo nayonso musaitchule kuntchito.

Yankho la Patriots linali nkhanza. Anali atagula Randy Moss ku Oakland Raiders pamtengo wotaya, chifukwa ambiri ankati watha komanso ndi wovuta kukhala naye. Anatenganso Wes Welker ku Miami Dolphins, kamunthu kakafupi koterera ngati mlamba. Tom Brady, quarterback wawo (wosewera amene amatsogolera timu poponyera anzake mpira), amene zaka zam'mbuyo ankapambana ndi olandira mpira wamba, mwadzidzidzi anali ndi Moss wothamangira kutali ndi Welker wozembera pafupi. Ukatseka uyu, uyo ali yekha. Anamenya Dallas 48-27, Miami 49-28, Washington 52-7, Buffalo 56-10, ndipo sankachepetsa moto ngakhale masewero atatha kale, zomwe ku America amaziona ngati chipongwe. Pofika kumapeto anali ndi mapointi 589, Brady ataponya ma touchdown (zigoli zofikitsa mpira kumapeto kwa bwalo la adani) 50, Moss atalandira 23, zonsezi zisanachitikepo m'mbiri ya NFL. Welker yekha anagwira mipira 112. Koma ndinene chimene anzanuwo sangakuuzeni: m'gulu lawo munali Dolphins imene inapambana kamodzi kokha chaka chonse, ndi Jets imene inapambana kanayi. Masewero anayi mwa 16 aja anali ndi matimu awiri amenewa.

Amene ankaonera mwatcheru anaona kuti kuyambira November khoma linayamba kung'aluka. Ku Indianapolis anatsalira 20-10 m'chigawo chomaliza asanapambane 24-20, koma apo panalibe chodabwitsa, poti Colts ya Peyton Manning nayonso inali isanagonje. Chodabwitsa chinali Philadelphia Eagles, imene inabwera ndi quarterback wapabenchi, A.J. Feeley, n'kugonja movutikira 31-28. Sabata yotsatira ku Baltimore, Patriots inali itagonja kale tinganene. Kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, Brady anafunika yadi imodzi yokha pa mpata wake womaliza mwa mipata inayi imene timu imapatsidwa kuti ipite patsogolo mayadi 10, Ravens n'kumutsekera. Koma mmodzi mwa makochi a Ravens omwewo anali atapempha kuimitsa masewero mpira usanayambe, ndiye oyimbira anati zibwerezedwe. Patriots inapulumuka 27-24 kwa timu imene inamaliza chaka ndi kupambana kasanu kokha. Matimu anali atazindikira njira: phimbani Moss ndi anthu awiri, musungeni mpira nthawi yaitali kuti Brady azizizidwa pabenchi, ndipo akalowa mumugwetse.

Masewero amene ine ndimawaona ngati mutu wa nkhani yonse ndi a pa 29 December, omaliza a ndime yoyamba, pakhomo pa New York Giants. Giants inali itazigulira kale malo mu ma playoff, ndipo kupambana kapena kugonja sikukanasintha kanthu. Mwambo wake pamenepo ndi kupumitsa osewera odalirika kuopa kuvulala. Kochi Tom Coughlin anakana, analowetsa timu yake yeniyeni. Giants inatsogola 28-16 m'chigawo chachitatu, kenako Brady ndi Moss anatulutsa mpira wa mayadi 65 umene unaswa mbiri ziwiri zija, ya 50 ndi ya 23, nthawi imodzi, Patriots n'kupambana 38-35. Dziko lonse linaona 16-0. Osewera a Giants anaona china: kuti anthu awa amatuluka magazi ngati wina aliyense.

Giants imeneyi sinali timu yoopsa papepala. Inapambana 10, kugonja 6, ndipo quarterback wawo Eli Manning ankanyozedwa ndi ochemerera ake omwe kuti ndi mthunzi chabe wa mkulu wake Peyton. Analowa mu ma playoff ngati olowera pawindo, ndiye masewero onse anasewera koyenda: anapambana ku Tampa Bay, ku Dallas, kenako ku Green Bay m'kuzizira koopsa, 23-20 pa nthawi yoonjezera. Patriots nayo inachotsa Jacksonville 31-20, Brady ataphonya mipira iwiri yokha mwa 28, kenako San Diego 21-12, koma tsiku limenelo Brady anapatsa adani mpira katatu ndipo anapweteka kakolo. Apa anali pa 18-0, kutsala masewero amodzi.

Super Bowl XLII, fainolo ya NFL ya sizoni imeneyo, inaseweredwa pa 3 February 2008 ku Glendale, Arizona. Akatswiri a juga ankati Patriots ipambana ndi mapointi pafupifupi 12. Plaxico Burress wa Giants atalosera kuti timu yake ipambana 23-17, Brady anaseka pamaso pa atolankhani, kudabwa kuti munthu angaganize kuti iwo angathere pa 17. Anathera pa 14.

Anzanuwo mukawafunsa adzakuuzani za chipewa cha David Tyree wa Giants, ndipo ndifikako, koma ine ndimati masewerowa anatayika kale chipewacho chisanachitike. Giants inali ndi anthu anayi akutsogolo kwa otchinga amene ankatha kufika pa quarterback popanda thandizo la wina: Michael Strahan, Justin Tuck, Osi Umenyiora, amene anabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, ndi anzawo. Kufunika kwake n'kotere. Ngati anthu anayi okha akukwanitsa kuthamangitsa quarterback, otsala asanu ndi awiri amakhala kumbuyo kuphimba olandira mpira. Chaka chonse matimu ankasankha chimodzi, kuthamangitsa Brady kapena kuphimba Moss. Giants, motsogozedwa ndi kochi wa otchinga Steve Spagnuolo, inachita zonse ziwiri. Brady anagwetsedwa ali ndi mpira kasanu usiku umodzi, pamene m'masewero 16 aja anagwetsedwa ka 21 kokha. Komanso Giants inayamba masewero ndi kusunga mpira pafupifupi mphindi 10 zathunthu. Popita kopuma zinali 7-3, Patriots ikutsogola, ndipo chigawo chachitatu chinatha zili chomwecho. Timu yozolowera mapointi oposa 36 pa masewero inali ndi 7.

Pali chinanso chimene chimandivutabe. M'chigawo chachitatu, Patriots inafika pa mayadi 31 kuchokera ku golo la Giants, mtunda woti woponya ndi phazi akanatha kuyesa mapointi atatu. Belichick anasankha kuyesa mayadi 13 pa mpata womaliza, mpira n'kugwera pansi. Anagonja ndi mapointi atatu. Sindikunena kuti mpirawo ukanalowa, koma timu yozolowera kupha ndi nkhwangwa inanyoza kampeni.

Chigawo chomaliza ndiye chimene chimaonetsedwa pa kanema chaka ndi chaka. Tyree, wosewera amene chaka chonse anagwira mipira inayi yokha, anagoletsa touchdown, Giants n'kutsogola 10-7. Brady anayankha mmene ankayankhira nthawi zonse, anayendetsa timu bwalo lonse n'kupatsa Moss, 14-10, kutatsala mphindi 2 ndi masekondi 42. Panthawi imeneyo aliyense ku New England ankadziwa kuti zatheka. Giants inafunika mayadi 83. Manning anaponya mpira woipa umene unadutsa m'manja mwa Asante Samuel wa Patriots. Akanaugwira, bwenzi inu simunandilembere. Mpira wotsatira, Jarvis Green ndi Richard Seymour a Patriots anamugwira Manning malaya, iye n'kupulumuka mosadziwika bwino, n'kuponya m'mwamba pakati pa bwalo, malo amene quarterback aliyense amaphunzitsidwa kuti asaponyeko mwachimbulimbuli. Tyree analumpha, Rodney Harrison wa Patriots ali pamsana pake akumukoka dzanja, ndipo anaukanikiza mpirawo pachipewa chake ndi dzanja limodzi mpaka anagwa chagada osaugwetsa. Mayadi 32. Kutatsala masekondi 35, Burress yemwe uja anasekedwa anagwira touchdown, 17-14. Tyree sanagwirenso mpira wina m'masewero a NFL moyo wake wonse.

Ndiye funso lanu lenileni, kodi n'chilungamo? Maganizo anga ndi akuti Patriots ya 2007 inali timu yabwino kuposa Giants ya 2007, ndipo atasewera kakhumi Patriots ikanapambana kochuluka. Koma sindivomereza amene amati Giants inangochita mwayi. Matimu awiriwa anakumana kawiri m'masabata asanu, ndipo mukaphatikiza mapointi a masewero onse awiri mupeza 52-52. Mwayi unalipo pa chipewa paja, koma mwayi sugwetsa munthu kasanu. Ndipo Patriots siingadandaule za dongosolo limeneli, chifukwa ndi lomwelo linawapatsa chikho chawo choyamba mu February 2002, pamene iwo anali onyozekawo n'kugonjetsa St. Louis Rams imene aliyense ankati singagonje.

Chimene chimapweteka anzanuwo kwambiri ndi chakuti 16-0 ija inasanduka chida chowanyozera. Timu ikapambana 12 n'kugonja mu fainolo, anthu amaiwala. Iyi imakumbukiridwa ndi nambala ziwiri, 18-1, ndipo a ku New York amazilemba pa malaya. Ulemu wa timu yosagonja mpaka kumapeto unatsalabe ndi Miami Dolphins ya 1972 ya Don Shula, imene inapambana masewero 14 a ndime yoyamba ndi atatu a ma playoff. Kuyambira 2021 ndime yoyamba ili ndi masewero 17, kotero wofuna kuchita zimenezi lero ayenera kupambana 20. Mwayi wobwezera msanga sunapezekenso: pa masewero oyamba a sizoni yotsatira Brady anavulala bondo n'kukhala panja chaka chonse, ndipo atakumananso ndi Giants mu Super Bowl ya February 2012, Manning yemweyo anawagonjetsanso 21-17. Brady anadzatenga zikho zina zitatu ndi Patriots pambuyo pake, koma Moss anapuma mpira wopanda chikho, Welker chimodzimodzi.

Ngati mukufuna kubwezeretsa mtendere kuntchito, afunseni za Super Bowl ya February 2017, pamene anatsalira 28-3 kwa Atlanta Falcons n'kupambana 34-28. Imeneyo adzakufotokozerani mpaka nkhomaliro izizire.