Mwafunsa: Repeater yathu ikumalira ina ikangoyamba kutumiza

FUNSO: Akonzi, ndine wokonza mawailesi pa kampani ina ya alonda kuno ku Blantyre. Tili ndi ma repeater awiri (makina olandira mawu a mawailesi a alonda nkuwatumizanso patali) pa nsanja imodzi kuphiri. Channel 1 imatumiza pa 163.000 MHz nkumalandira pa 168.000, channel 2 imatumiza pa 165.500. Iliyonse payokha ilibe vuto koma zikangoyaka pamodzi channel 1 imayamba kulira, mawu a channel 2 akumveka momwemo mosokonekera, mwinanso imakanirira osatseka mpaka enawo atasiya kuyankhula. Ndinakweza mphamvu kufika 50 watts, ndinaikanso preamp koma zangoipiraipira. Abwana akuti tigule zatsopano. Nditani?
Wowerenga, Blantyre

YANKHO: Achimwene, auzeni abwanawo ayambe asunga kaye ndalamazo, chifukwa zatsopanozo mukaziika pa mafrikwensi omwewa pa nsanja yomweyo zikhoza kudzaliranso chimodzimodzi. Tengani foni muwerengetse. 165.500 kuchulukitsa kawiri ndi 331.000, chotsanipo 163.000, yatsala 168.000. Mwaiona? Ndi pomwe channel 1 yanu imamvetsera ndendende. Vuto limeneli ndi lomwe amati intermodulation, ambiri timangoti intermod. Ma signal awiri amphamvu akakumana pamalo pomwe magetsi sakuyenda mowongoka amasakanikirana nkubereka signal yachitatu yomwe palibe anaitumiza, ndipo yovutitsa kwambiri ndi ya 2A-B (frikwensi imodzi kuchulukitsa kawiri nkuchotsapo inayo) ngati yanuyi chifukwa imagwera pafupi ndi ma channel anu omwe. Kukanirira kuja nkoti repeater ikudzimva yokha, tone yake ya CTCSS (kamawu kapansipansi komwe kamatsegula repeater) ikubwerera kudzera mu signal yachitatuyo ndiye ikuganiza kuti pali munthu akuitana. Mukasiyanitsa tone yotumizira ndi yolandirira kukanirirako kusiya, koma musanyengeke, phokosolo likadalipo ndipo mlonda yemwe ali kutali ndi ka wailesi ka m'manja azikanikabe kulowa.

Nkhani yaikulu ndi yopeza pomwe kusakanikiranako kukuchitikira. Malo ake ndi atatu, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala akeake, ndiye kugula chipangizo musanadziwe malo ndi kutaya ndalama.

Yambani ndi receiver poti mpomwe sipafuna kukwera nsanja. Chotsani preamp ija lero lomwe, imakuza zonse zabwino ndi zoipa ndipo iyo yomwe imatha kukhala posakanikirana. Kenako ikani attenuator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya signal) ya 10 dB (dB ndi muyeso wa mphamvuyo) pakati pa duplexer (yomwe imalola kutumiza ndi kulandira pa antena imodzi) ndi receiver, kumbali yolandirira yokha. Ngati phokosolo latsika kwambiri, pafupifupi 30 dB kapena kuzimiriratu, ndiye kuti likubadwira mkati mwa receiver chifukwa intermod ya mtundu uwu imatsika 3 dB pa 1 dB iliyonse yomwe mwachepetsa. Pamenepo chofunika ndi bandpass cavity filter, sefa yolola frikwensi yanu yokha kudutsa, yotchunidwa pa 168.000. Ma duplexer ang'onoang'ono otchipa aja amangotchinga frikwensi imodzi basi, ya mnzake imadutsa mosavuta. Koma likatsika ndi 10 dB yokha ndiye kuti likuchokera kunja litabadwa kale, ndipo filter pa receiver sithandiza kanthu poti lili pa frikwensi yanu yeniyeni.

Apo ndiye tiyang'ane transmitter. Mphamvu ya channel 1 imatha kulowa pa antena ya channel 2 nkutsika ndi kebulo mpaka mu amplifier yake, kusakanikirana mmenemo nkutulukanso. Kawirikawiri yomwe frikwensi yake taichulukitsa kawiri ija ndi yomwe ikuphika zimenezi, kwa inu ndi channel 2. Mankhwala ake ndi isolator potulukira mphamvu ya transmitter, imalola mphamvu kutuluka koma yobwerera imaitaya mu dummy load, ndipo pambuyo pake muikepo low-pass filter kapena cavity chifukwa isolator nayo imatulutsa ma harmonic, ma signal osafunika a pa frikwensi yanu yochulukitsidwa kawiri kapena katatu. Ma antena asakhale moyandikana chammbali, imodzi ikhale pamwamba ina pansi pake molunjika, zimatchingana bwino choncho. Mphamvu ija bwezerani ku 25 watts, kusiyana kwake ndi 3 dB yokha ndipo alonda sazindikira nkomwe pomwe intermod itsika koposa pamenepo.

Malo achitatu ndi omwe amazunza amisiri ambiri, ine ndimawakayikira kwambiri pa nsanja zakale. Dzimbiri. Bawuti wadzimbiri, waya womangira nsanja wokhudzana ndi chitsulo china, antena yakufa yomwe eni ake anaisiya pompo, malata a kanyumba ka ma repeater, zonsezi zimatha kugwira ntchito ngati diode nkumasakaniza ma signal. Chizindikiro chake nchakuti phokoso limasintha ndi nyengo, kukawomba mphepo likuthetheka, mvula ikagwa mwina lasowa kenako dzuwa likawala labweranso. Masulani connector iliyonse muione mkati, mukapeza zobiriwira kapena madzi idulani muike ina ya N-type yokutidwa ndi siliva, mumange tepi yosalowa madzi. Kebulo ya LMR-400 ndi zofanana nayo, zija zili ndi foil ndi ulusi wa waya zokhudzana, ine sindiilola pa repeater, ikakalamba imachita phokoso yokha. Pokwera nsanja ikani kebulo ya Heliax ya theka la inchi, tizidutswa ta mkati tikhale RG-214. Pofufuza wina akhale pansi akumvetsera, wina azigogoda zitsulo ndi chigwiriro cha screwdriver chimodzichimodzi, koma chonde wokwerayo avale lamba ndipo asayandikire antena ikutumiza, pokagwira pamenepo muzizimitsa kaye.

Komabe kwa inu muzu wake ndi masamu aja. Channel 2 inakhala pakatikati penipeni pa 163.000 ndi 168.000, ndiye ngakhale mutakonza zonsezi kadzimbiri kakang'ono kakadzangoyamba vuto lidzabwerera pomwepo. Musasinthe nokha frikwensi, lemberani a MACRA, bungwe lopereka mafrikwensi, muwaonetse kuwerengetsaku ndipo mupemphe ina ya channel 2. Mukaisuntha ndi 25 kHz intermod ija isuntha ndi 50 kHz nkuchoka pa receiver yanu, kutalikirapo ndiye bwino koposa. Musanapemphe funsani mafrikwensi a ena onse omwe ali pa nsanjapo, muwerengetsenso ndi A+B-C (kuphatikiza mafrikwensi awiri otumizira nkuchotsapo yachitatu) kuti yatsopanoyo isakagwere pa receiver ya mnzanu, ndipo mukasintha duplexer ikatchunidwenso.