Aphunzitsi akukana misonkhano ya CPD chifukwa palibe alawansi: yankho langa kwa amayi a ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza. Anandilola kuti ndiwayankhe poyera, bola ndisatchule dzina lawo. Nkhani yawo ndi iyi: PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) wa zoni yawo anawauza kuti sukulu izichititsa misonkhano ya CPD (maphunziro oonjezera luso la aphunzitsi ali pantchito), aphunzitsi aziphunzitsana okhaokha pasukulu pomwepo. Iwo anayesa kawiri. Ulendo woyamba anabwera asanu ndi anayi, wachiwiri anayi okha, ndipo mmodzi anawafunsa pamaso kuti, "Amayi, palibe alawansi, nanga tikumanirenji?" Funso lawo kwa ine ndi lakuti: kodi zimenezi zimathekadi pa sukulu ngati yathu, nanga ndiyambire pati?

Amayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi mphunzitsi uja anakufunsani za alawansi. Musamusungire mangawa. Malipiro a mphunzitsi amatha mwezi usanafike pakati, ndipo kwa zaka zambiri mawu akuti maphunziro a aphunzitsi akhala akutanthauza ulendo wa ku TDC (malo a pa zoni ochitirako maphunziro a aphunzitsi), kulemba dzina papepala, botolo la zakumwa ndi kandalama ka mayendedwe. Tinaleredwa choncho. Mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanapite kukoleji. Pofuna kuwathandiza msanga panabwera MIITEP, ndondomeko yosula aphunzitsiwo ali pantchito, mu 1997, panamangidwa ma TDC, nzeru n'kumatsika kuchokera kulikulu kupita kuboma, kuboma kupita kuzoni, kuzoni kupita kusukulu. Njira imeneyi inatipulumutsa pa nthawi yake. Koma inatisiyira maganizo akuti nzeru imachokera kunja kwa mpanda wa sukulu, ndipo imabwera ndi envulopu.

Ndiye mukaitana anthu masana, dzuwa likuswa mtengo, n'kuwawerengera zolembedwa zimene munabwera nazo kuzoni, iwo amaona ngati ndi maphunziro omwe aja koma opanda envulopu. Mwa zonse zimene munalemba, chimene ndagwirapo ndi chakuti misonkhano yanu iwiri ija inali yokamba za kaphunzitsidwe kabwino mwachisawawa. Pamenepo ndiye pali vuto, osati pa ulesi wa anzanuwo. Munthu wotopa sakhalira nkhani yopanda mwana weniweni m'kati mwake.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ndikuphunzitsa masamu ku sitandade 3. Ndinali nditaphunzitsa kuchotsera kobwereka kwa masabata awiri, ndipo ndinkaona ngati zalowa, chifukwa ndikafunsa kuti "Tamvana?" kalasi yonse inkayankha mokweza kuti "Eee!" Mnzanga wa sitandade 1, amene ana ake ankaweruka msanga, ndinamupempha kuti adzakhale nawo. Sanakhale kumbuyo pampando ayi. Anagwada pansi pakati pa ana, n'kumayang'ana m'makope. Ndinalemba pabolodi 52 kuchotsapo 38. Titaweruka anabwera ndi makope asanu ndi limodzi nawayala patebulo. Anayi mwa iwo munalembedwa 26. Ndinkati ndi kusasamala chabe, koma iye anandilozera ndi pensulo: mwana waona 2 pamwamba ndi 8 pansi, wadziwa kuti 2 sangachotse 8, watembenuza n'kupeza 6, kenaka 5 kuchotsa 3, wapeza 2. Anawo sankalota. Ankatsata lamulo limene ine ndemwe ndinawabzala m'mutu, loti timachotsa nambala yaing'ono ku yaikulu. Kamtsikana kena kanapeza 14, yankho lolondola, koma m'mphepete mwa tsamba kanali katajambula timizere 52 n'kufufuta 38. Nakonso kubwereka sikanakumve.

Tsiku limenelo ndinapita kunyumba mtima uli mwamba, osati ndi manyazi koma ndi chidwi. Mawa lake tinamanga timitengo m'mitolo ya khumikhumi, ana n'kumamasula mtolo umodzi ndi manja awo kuti aone teni akusanduka mawani khumi. Zimene mnzanga anandionetsa pa mphindi makumi awiri sindikanazipeza ku maphunziro a kuzoni, chifukwa kumeneko kulibe makope a ana anga.

Zimene tinachita mwangozizo, ku Japan anazisandutsa mwambo. Amazitcha jugyō kenkyū, kapena kuti lesson study m'Chingerezi, ndipo mizu yake imafika m'zaka za m'ma 1870, pamene dzikolo linkakhazikitsa sukulu zamakono ndi sukulu yosulira aphunzitsi ku Tokyo. Aphunzitsi a sukulu imodzi amasankha vuto limodzi la ana awo, n'kukonzera limodzi phunziro limodzi, nthawi zina kwa masabata angapo. Amafufuza mutuwo mozama, amaganiziratu mayankho amene ana angapereke, olondola ndi olakwika omwe, mpaka amakonzeratu mmene bolodi lidzaonekere phunziro likamatha. Mmodzi amaphunzitsa, enawo amaimirira m'mbali mwa ana ndi mapepala awo, kulemba zimene mwana wanena ndi zimene walemba. Kenaka amakhala pansi n'kukambirana. Mtima wa nkhani yonse ndi uwu: phunzirolo ndi la gulu, ndipo amene akuyang'anidwa ndi mwana. Likalephereka, lalephereka la tonse.

Mwina mukuti ku Japan n'kutali, makalasi awo ndi a ana ochepa, magetsi sathima. Zoona. Koma anansi athu a ku Zambia anayamba njira yomweyi mu 2005 m'chigawo cha Central mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, kuyambira pa maphunziro a sayansi, kenaka inafalikira ku Copperbelt ndi North-Western mpaka m'zigawo zonse. Chimene ndimawayamikira n'chakuti sanamange nyumba yatsopano. Anali kale ndi ndondomeko yotchedwa SPRINT, momwe aphunzitsi ankakumana m'magulu pasukulu pawo m'kati mwa teremu, ndipo anangoika lesson study m'misonkhano imeneyo kuti ikhale ndi chogwirika. Iwo amaonjezeranso kuti phunziro likakonzedwanso pambuyo pa zokambirana, liphunzitsidwe kachiwiri. Kwathu kuno anzathu a kusekondale amadziwa ndondomeko ya SMASSE, imene inayamba mu 2004, nayonso ndi thandizo la JICA, pofuna kutukula kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi. Choncho si zachilendo kwenikweni.

Tsono muyambire pati? Ine ndikanakhala inu, sindikanaitananso sukulu yonse. Anthu anayi aja anabwera ulendo wachiwiri ndiwo mbewu yanu. Khalani nawo pansi, muwafunse kuti ndi mutu uti umene ana amagwa nawo chaka ndi chaka. Aliyense ali nawo. Wina adzati kugawa kwakutali, wina adzati ana a sitandade 2 amadziwa malembo koma sangaphatikize maphatikizo kukhala mawu, wina adzati ana akafika sitandade 5, pamene maphunziro amasinthira ku Chingerezi, amangoti zii ngati si omwe aja ankalongolola chaka chatha. Sankhani umodzi wokha. Bweretsani makope a ana patebulo, buku la mphunzitsi ndi la ophunzira, mulembe lesoni pulani imodzi nonse pamodzi. Pafunso lililonse limene mudzafunse ana, dzifunseni kuti adzayankha zotani, nanga akayankha molakwa tidzatani.

Ndipo woyamba kuphunzitsa pamaso pa anzake mukhale inuyo, amayi. Apa ndikulimbikira kwambiri. Mphunzitsi wa kuno akaona munthu wamkulu akulowa m'kalasi mwake ndi kope, mtima umagunda, chifukwa timakumbukira masiku a teaching practice ndi maulendo a oyendera sukulu, pamene munthu amakhala kumbuyo n'kumakupatsa malikisi. Inu ndinu wachiwiri kwa ahedi. Mumasaina masikimu awo, mapulani a zimene adzaphunzitse pa teremu. Mukayamba ndi kuonerera iwo, adzati mwabwera kudzawasaka zifukwa, ndipo adzakukonzerani phunziro lachionetsero, la ana oyeserera dzulo lake. Koma mukaima inu kutsogolo ndi choko, phunziro n'kukutererekani penapake iwo akuona, kenaka n'kukhala pansi n'kunena kuti "Apa sindinayembekezere kuti ana asokonezeka, munaonapo chiyani?", mantha amatha. Fomu ya malikisi isalowe m'chipindamo. Zokambidwa mmenemo zisapezeke mu lipoti la munthu aliyense, ndipo ahedi muwauziretu zimenezi kuti mugwirizane.

Oonererawo muwapatse ntchito yeniyeni. M'kalasi ya ana zana limodzi palibe angaone onse. Aliyense asankhe ana atatu kapena anayi, wochangamuka, wapakatikati ndi wotsalira, awatsate kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Asawathandize, ngakhale dzanja liziyabwa. Alembe mawu enieni amene mwana wanena. Pokambirana ayambe kulankhula ndi amene waphunzitsa, kenaka enawo, ndipo lamulo likhale lakuti aliyense ayambe ndi zimene waona kwa mwana. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kunena kuti "Munathamanga kwambiri" ndi kunena kuti "Pamene munafufuta chitsanzo choyamba, mnyamata wa pafupi ndi zenera anali asanamalize kukopera, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kulemba." Mawu oyambawo amabaya munthu. Achiwiriwo amapatsa gulu lonse chochita.

Za nthawi ndisakunamizeni, ndi zovuta. Sukulu zathu zambiri zili ndi aphunzitsi osakwanira, ndipo wina akapita kukaonerera mnzake kalasi yake imatsala yokha. Chimene chinatithandiza ife n'chakuti makalasi a ana aang'ono amaweruka msanga, choncho aphunzitsi awo ankatha kuonerera makalasi akuluakulu popanda kusiya ana. Pofuna kuonerera sitandade 1 kapena 2, wa kalasi yaikulu ankasiyira ana ake ntchito yolemba kwa piriyodi imodzi, mnzake woyandikana naye n'kumasuzumira. Zokambirana zisapitirire mphindi 40, ndipo zichitike tsiku lomwelo zinthu zikadali m'mutu. Kuzungulira ndondomeko yonseyi, kuyambira kukonzekera mpaka kukambirana, kamodzi kapena kawiri pa teremu n'kokwanira poyamba. Mukafuna sabata iliyonse mudzatopetsa anthu, ndipo mapeto ake mudzangodzaza mafomu oti PEA aone. Pemphani ahedi kuti tsikulo lilembedwe pa kalendala ya teremu, ndipo ngati pangafunike mapepala kapena tiyi, nkhaniyo ipite ku komiti ya sukulu poyera, ilowe mu pulani yotukulira sukulu, osati kutuluka m'thumba mwanu.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kukuchenjezani. Aphunzitsi anayi amene onse sakuumvetsa bwino mutu akhoza kukhala pamodzi n'kulimbikitsana cholakwika. Ku Japan kawirikawiri amaitana munthu wodziwa kuchokera kunja kuti adzapereke ndemanga yomaliza. Inu muli ndi PEA, muli ndi aphunzitsi a masamu kapena Chingerezi pa CDSS yoyandikana nanu, mwinanso mphunzitsi wopuma pantchito m'mudzimo amene manja ake anaumba anthu ambiri. Mutu ukakukanikani, aitaneni, koma abwere gulu litazolowerana kale, ndipo adziwe kuti abwera kudzathandiza pa mutuwo, osati kudzayesa munthu. Musaiwalenso achinyamata ongochoka ku TTC, koleji ya aphunzitsi. Amabwera ndi njira zatsopano koma amaopa kulankhula pamaso pa akuluakulu, pamene akuluakuluwo amadziwa kugwira kalasi ya ana zana ndi diso lokha. Afunseni mwadala, mowatchula, kuti nawonso anene zimene aona.

Nanga uja wa alawansi? Musiyeni kaye, musamukakamize, musamunene pamsonkhano. Ana amene mukuwaphunzitsa chaka chino adzafika m'manja mwake chaka chamawa kapena chinacho. Tsiku lina mukadzayala makope patebulo la mu stafu, mudzamuitane kuti adzakuthandizeni kuona chimene mwana wina ankaganiza polemba yankho lake. Mukadzamaliza kuzungulira koyamba mundilemberenso, amayi, ndipo mundiuze mutu umene munasankha ndi mayankho olakwika amene munawapeza m'makopemo. Ndikufuna ndidzawaone.